ZA UMOYO PAKHOMO: Tsitsi la Amayi Likayamba Kuthothoka

Mlungu watha tinakamba za kasungidwe ka madzi akumwa. Lero titembenukira ku nkhani imene ambiri aopa kuitchula pagulu, ngakhale ili pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndiyo ya kuthothoka kwa tsitsi la amayi.

Mwamuna akachita dazi anzake amseka tsiku limodzi, ena nati ndi chizindikiro cha chuma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mkazi akaona tsitsi lake lili kutsalira m'chipeso, kapena chipumi chake chili kukulira kumbuyo, amanga duku nakhala chete. Tsono mumtima ayamba kufunsa kuti, "Kodi wandichita zimenezi ndani?" Pamenepo maso agwera pa mkazi mnzake wa pamitala, pa apongozi, kapena pa mnansi amene anakangana naye kuchitsime. Mbuzi ipita kwa woombeza ula, chibale chitha, koma tsitsi lili kuthothokabe.

Tifuna mudziwe kuti kuthothoka kwa tsitsi kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo adotolo azidziwa bwino. Kawirikawiri tsitsi limeranso ngati chifukwacho chachotsedwa msanga. Koma pali mitundu ina imene, mukachedwa, muzu wa tsitsi ufa, ndipo palibe mankhwala angaudzutse. Chifukwa chake musanayambe kuganizira munthu, dzifunseni mafunso awiri awa: tsitsili lili kuchoka pati, ndipo linayamba liti?

Kakulidwe ka tsitsi

Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi muzu wake m'kati mwa khungu. Litalika pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Tsitsi limodzi likula zaka 2 kufikira 6, kenaka lipumula miyezi ngati 3 ndi kugwa, ndipo pa muzu womwewo pamera lina latsopano. Munthu wamoyo bwinobwino ataya tsitsi 50 kufikira 100 tsiku lililonse osazindikira. Tsono mukamasula zoluka zimene zakhala mwezi wathunthu ndi kuona tsitsi lambiri m'manja, musaope, pakuti ndi la masiku onse aja limene linasowa pogwera.

Mudziwa kuti anthu akameta pa maliro tsitsi limeranso lonse. Litero chifukwa lumo lidula pamwamba pokha, muzu utsala. Ndi monga nzimbe: mukadula ziphukanso, koma mukazula chitsa simudzaonapo nzimbe. Gwirani mawu amenewa, pakuti nkhani yonse ya lero yagona pa muzu.

Likachoka m'mutu monse

Pali kuthothoka kumene tsitsi lichepa ponseponse, osasiya dazi pamalo amodzi. Mulipeza pamphasa, m'beseni losambira ndi m'chipeso. Mukaona zotere, werengani miyezi 3 kubwerera m'mbuyo, ndipo kumbukirani chimene chinakugwerani nthawi imeneyo.

Thupi likakumana ndi chinthu cholemera, mizu yambiri ya tsitsi ilowa m'kupumula nthawi imodzi. Koma tsitsilo siligwa pomwepo ayi, liyembekeza miyezi 2 kufikira 4. Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Mayi amene anagona ndi malungo aakulu mu Febuluwale, nkhokwe ili gwa, aona tsitsi lake lili kugwa mu Meyi, pamene wachira ndipo ali kudya zatsopano. Matenda aja anaiwala kale, tsono afuna chifukwa china. Chimodzimodzi tayifodi, chifuwa chachikulu, opaleshoni, njala yaikulu, ndi chisoni cha maliro a mwana kapena a mwamuna.

Chifukwa chofala koposa ndi kubereka. Mayi akakhala ndi pakati, tsitsi limene likadagwa ligwiririra, kotero kuti mutu uoneka wodzaza. Akachira, tsitsi lonse losungika lija ligwa pamodzi mwana ali ndi miyezi 3 kapena 4. Imeneyi si nthenda, ndipo kuyamwitsa musaleke chifukwa cha ichi. Kwa ambiri tsitsi likhala litabwerera mwana akamakwana chaka.

Kuthothoka kwa mtundu umenewu sikupha muzu. Mlambe uyoyola masamba onse m'chilimwe, koma palibe aulirira, pakuti adziwa kuti udzaphuka. Dyani bwino, pesani mofatsa, ndipo dekhani. Koma miyezi 6 ikapita lili kugwabe, pitani kuchipatala, chifukwa mwina pali china chili kulikoka.

Kuchepa kwa magazi

China chimenecho kawirikawiri ndi kuchepa kwa magazi. Thupi lifuna ayironi popanga magazi, ndipo mizu ya tsitsi nayonso iifuna. Amayi ataya ayironi mwezi ndi mwezi posamba, makamaka amene msambo wawo uli wambiri, ndiponso pa mimba iliyonse, makamaka ana akabadwa motsatizana kwambiri. Malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimene zilowera m'mapazi nazonso zitha magazi.

Zizindikiro zake ndi izi: kutopa msanga polima, chizungulire poimirira, mtima kugunda kwambiri pokwera chitunda ndi ndowa, m'kati mwa chikope ndi m'zikhato kuyera, ndi kulakalaka kudya dothi. Mukaona zimenezi pamodzi ndi kuchepa kwa tsitsi, pemphani kuti akupimeni magazi. Mapiritsi a ayironi amene apereka kusikelo imwani onse monga akuuzirani, ngakhale asandutsa chimbudzi kukhala chakuda.

Nsima yokha ndi ndiwo za madzi sizimanga magazi kapena tsitsi. Onjezani nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, nsinjiro, usipa, matemba, mazira, chiwindi pamene chapezeka, ngumbi pa nyengo yake, ndi masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani ndi chigwada. Matimati, magwafa, malalanje ndi malambe athandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo, koma tiyi womwera pa chakudya aletsa. Imwani tiyi nthawi ina.

Inu abambo, mayi woyamwitsa asamadye zotsala m'mbale mwanu. Ndipo mukaona tsitsi la mwana wamng'ono lili kufiira, kufewa ndi kuzuka mosavuta, mapazi atatupa, imeneyo ndi nthenda ya kusowa chakudya chomanga thupi. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Likachoka pachipumi ndi pamwamba pa makutu

Tsopano tafika pa mtundu umene uwononga mitu yambiri, ndipo ndi umene tingathe kuuletsa ndi manja athu. Tsitsi likamakokedwa mwamphamvu mwezi ndi mwezi, muzu utopa. Likokedwa ndi kuluka kothina, kumanga ndi ulusi, meshi yolemera yaitali, wigi yosokerera kapena yomata, ndi kumangira tsitsi lonse kumbuyo mokoka. Liyamba kutha m'mphepete mwa chipumi, pamwamba pa makutu ndi kunkhongo, chifukwa tsitsi la m'menemo ndilo losalimba. Nthawi zambiri patsala kamzere ka titsitsi tating'ono kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mbee.

Musayese kuti ndi vuto la anthu owerengeka. M'chaka cha 2007, dotolo wa khungu Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapima mitu ya anthu ku Langa, mu mzinda wa Cape Town ku South Africa. Mwa amayi 100 alionse, pafupifupi 32 anali ndi dazi la kukokedwa kotereku, ndipo mwa atsikana 100 a sukulu analipo 17. Anaonanso kuti ngozi ikula koposa pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala lilukidwanso mothina. Kalukidwe kathu kuno sikasiyana kwenikweni ndi ka kumeneko.

Mutu uchenjeza usanachite dazi. Mukaluka ndi kulephera kugona usiku chifukwa cha ululu, ngati khungu lakokeka kotero kuti nsidze zakwera, ngati patuluka tiziphuphu m'mizere, kapena mufuna kumwa mankhwala a mutu mutachoka kwa woluka, dziwani kuti mizu ili kuzuka. Pali chizolowezi chonena kuti kukongola n'kupirira, ndi kuti zothina ndizo zikhalitsa. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoluka zikhala milungu yowerengeka, dazi likhala moyo wonse.

Pachiyambi tsitsili libwerera mukaleka kulikoka, ngakhale litenga miyezi. Koma mukapitiriza zaka zambiri, khungu lisalala ndi kunyezimira, timabowo ta tsitsi titsekeka, ndipo pamenepo sipameranso. Choipa n'chakuti mayi akaona chipumi chili kutha, aika meshi yaikulu kuti abise, ndipo meshiyo imaliza lotsalalo.

Tsono chitani izi:

1. Uzani woluka, kaya ndi wa kusaluni kaya ndi mchemwali wanu pakhonde, kuti asakoke. Zikapweteka, masulani tsiku lomwelo, musaumirire ndalama zimene mwalipira.

2. Titsitsi ta m'mphepete mwa chipumi tisiyeni, tisalowe m'zoluka.

3. Lukani mizere ikuluikulu yopepuka, ndipo sinthani kumene mizere iloza.

4. Zoluka zisapitirire milungu 6, ndipo mukamasula pumitsani mutu milungu ingapo musanalukenso.

5. Duku musamange mothina pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Makamaka samalani ana aakazi. Mwana akalira polukidwa sindiye kuti ndi wamwano, muzu wake ndi wanthete. M'mera mpoyamba: chipumi chimene chiwonongeka ali ndi zaka 8 adzapita nacho ku ukwati. Tsitsi lalifupi lopesa bwino liyenera mwana wa sukulu, ndipo liyeneranso mayi wamkulu.

Mankhwala owongola tsitsi ndi moto

Mankhwala ambiri owongolera tsitsi ali ndi soda waukali wonga uja apangira sopo. Awongola tsitsi mwa kulifooketsa, kotero kuti liduka msanga, ndipo akakhalitsa pamutu awotcha khungu. Chilonda cha kupsa chikapola chisiya chipsera, ndipo pa chipsera sipamera tsitsi. Chipeso chachitsulo chotenthetsa pamakala chichita zomwezo.

Ngati mufuna kuwongola ndithu, pakati papite miyezi iwiri kapena kuposa, pakani pa tsitsi lomera kumene lokha, ndipo tsukani pa nthawi imene yalembedwa pa chitini, osayembekeza kuti kuyambe kuwawa. Musaluke meshi milungu iwiri isanathe, ndipo ana musawapake konse. Siyanitsaninso kuduka ndi kuthothoka. Tsitsi logwa lokha lili ndi kampira koyera kunsonga ya kumuzu, koma loduka ndi tizidutswa tatifupi topanda kampirako. Loduka lingofuna kuti muleke mankhwala ndi moto.

Likachepa pakati pa mutu

Amayi ambiri akasiya kusamba aona tsitsi la pamwamba pa mutu lili kupyapyala pang'onopang'ono, khungu n'kumaonekera, popanda kuwawa kapena kuyabwa. Kameneka ndi kachibadwa kotsata mtundu, monga dazi la amuna, ndipo sikafooketsa thupi. Alipo mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene athandiza ena. Asonyeza ntchito yake patapita miyezi 3 kufikira 6, ndipo mukaleka kupaka tsitsi lichepanso. Mayi wapakati kapena woyamwitsa asapake, ndipo aliyense ayambe wafunsa kuchipatala.

Koma pali nthenda ina yofanana nayo imene ifuna changu. Iyamba paliwombo ndi kufalikira mozungulira, monga moto woyambira pakati pa dambo. Kawirikawiri pamalopo payabwa, patentha kapena pawawa pogwira, ndipo khungu lisalala. Igwira makamaka amayi akuda, ndipo ipha mizu ndi kusiya chipsera. M'chaka cha 2019 madotolo a maiko angapo, mmodzi wa iwo Ncoza Dlova wa ku Durban, anasonyeza kuti mwa ena nthendayi ichokera ku chibadwa. Tsono ngati amayi anu kapena azakhali anu ali ndi dazi la paliwombo, yang'anirani panu. Adotolo ali ndi mankhwala oletsa kufalikira, koma pamene pafa kale sabweza. Pemphani mnzanu akuonereni pamwamba pa mutu, popeza nokha simuonapo.

Zigamba zozungulira

Zigamba za pamutu zili mitundu itatu imene muyenera kuidziwa.

Woyamba ndi zipere. Chigamba chake chili ndi mfundu, chiyabwa, tsitsi liduka pafupi ndi khungu, ndipo nthawi zina chitupa ndi kutuluka mafinya. Zigwira ana koposa, koma mayi angatengere kwa mwana. Ziyenda ndi chipeso, lezala, makina ometera, chipewa ndi chotsamira. Mankhwala opaka okha sachiza zipere za m'mutu, pakuti nthendayo ili m'kati mwa tsitsi. Pafunika mapiritsi, monga griseofulvin, akumwa milungu 6 kufikira 8. Malizani onse, tsukani zipeso ndi madzi otentha ndi sopo, ndipo musabwerekane lezala.

Wachiwiri ndi umene udanitsa anthu koposa. Mayi adzuka m'mawa napeza chigamba chosalala ngati ndalama yachitsulo, chopanda mfundu ndi chopanda ululu, monga ngati wina anammeta usiku. Palibe wammeta. Ndi asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kumenyana ndi matenda, asokera nayamba kuvuta mizu ya tsitsi. Nthendayi ipezeka m'maiko onse, mwa amuna, akazi ndi ana, ndipo sipatsirana. Muzu ukhala wamoyo, ndipo kwa ambiri amene zigamba zawo zili zochepa tsitsi limeranso chaka chisanathe, nthawi zina liyamba kumera loyera. Zigamba zikachuluka, adotolo ali nawo mankhwala.

Wachitatu ndi tizigamba tambiri ting'onoting'ono, monga nsalu yodyedwa ndi njenjete. Timeneti tingakhale chizindikiro cha chindoko, makamaka ngati pali zidzolo m'zikhato ndi kumapazi. Chindoko chipimidwa m'magazi ndipo chichizika ndi jakisoni wa penisilini, koma ayenera kulandira mwamuna ndi mkazi onse awiri. Kwa mayi wapakati kuchedwa kungaphe mwana m'mimba.

Zifukwa zina

Nthenda ya chithokomiro, kanthu ka pakhosi kaja kamene katupa mwa ena, nayo ichepetsa tsitsi. Ngati pakhosi patupa, kapena mumva kuzizidwa ndi ulesi nthawi zonse, kapena muli kuonda mtima ukuthamanga, nenani kwa adotolo. Mankhwala ena a khansa athothola tsitsi lonse, koma limeranso mankhwala akatha. Njira zina zolerera zichepetsa tsitsi mwa amayi ena. Musaleke nokha mankhwala alionse amene anakupatsani kuchipatala, makamaka otalikitsa moyo ndi a chifuwa chachikulu. Kambani ndi anamwino, iwo ndiwo adziwa ngati kusintha kuli kotheka.

Zimene simuyenera kuchita

Musateme mphini pamutu, pakuti mphini iliyonse ndi chipsera. Musapake palafini, oyilo wa galimoto, mankhwala a mbewu kapena a dibi la ng'ombe. Zimenezi ziwotcha khungu ndipo zina zilowa m'thupi ndi kudwalitsa. Musataye ndalama za fodya kapena za mtedza pa timabotolo ta pamsika tolonjeza tsitsi m'masiku owerengeka, pakuti palibe tsitsi likula msanga chotero.

Mafuta a nsatsi ndi mafuta ena odzola ndi abwino pofewetsa tsitsi kuti lisaduke, koma sadzutsa muzu wakufa. Kumeta mpala sikuchulukitsa tsitsi, ngakhale kuli kwabwino popumitsa mutu umene watopa ndi meshi. Tsukani m'mutu kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri, ndipo pesani ndi chipeso cha mano akuluakulu tsitsi lili lofewa, kuyambira kunsonga.

Popita kuchipatala

Pitani msanga ngati pali ululu, kuyabwa, mafinya kapena khungu losalala lonyezimira. Ngati chigamba chili kukula. Ngati tsitsi lagwa kopitirira miyezi 6. Kapena ngati pali kutopa, kuonda, kutsokomola kapena msambo wambiri. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pachipatala chaching'ono, ndipo iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa dotolo wa khungu. Masulani zoluka musanapite, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mumwa kapena mupaka, ndipo fotokozani za matenda, mimba kapena maliro a miyezi yapitayo. Vulani duku pamaso pa anamwino popanda manyazi, aona mitu yambiri. Safunsa anadya phula.

Inu abambo, mkazi wanu akachepa tsitsi musamseke pa anthu kapena kumfanizira ndi ena. Mpatseni ya ulendo, kapena mukwezeni panjinga mupite naye. Inu agogo ndi anankungwi, mawu anu amveka kwa atsikana kuposa athu. Auzeni kuti zoluka zopweteka azimasula. Ndipo inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhaniyi kuchigayo kapena pa msonkhano wa amayi, pakuti amene aifuna koposa ndi uja sanena kanthu.

Mlungu wa mawa tidzakamba za mphere ndi kachapidwe ka zofunda. Tsalani bwino.